Kope la chipepeso lomwe sindinalembe

Amayi anatisiya Lachiwiri cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mu February 2024, mvula ikukhuthuka pamalata a wodi ngati sidzagwanso. Anali atagona m'chipatala ku Lilongwe masiku 9, BP ndi shuga zitawagwirira limodzi, ndipo wowadikirira ndinali ine, mwana wawo woyamba. Anamwino atakoka makatani n'kundiuza kuti, "Amayi, limbani mtima," ndinatuluka n'kukakhala pansi pakhonde, foni ili m'manja. Anthu ambiri anandinyamula sabata imeneyo, ndipo ena ndinawathokoza mochedwa moti mpaka lero manyazi amandigwira. N'chifukwa chake ndikulemba, kuti wina zikadzamugwera asadzapunthwe pamwala womwewo.

Kulakwitsa ndinayambira pakhonde pomwepo. Ndisanaimbire amalume, omwe ndi mwinimbumba wathu, ndinaika chithunzi cha amayi pa status ya WhatsApp n'kulembapo kuti "Muuse mumtendere amama." Mutu sunali kugwira, zala zokha ndi zimene zinachita. Pomwe kumayera, amayi aang'ono kumudzi kwathu, chakuseri kwa Linthipe ku Dedza, anali atamva kale za imfa ya mkulu wawo kuchokera kwa kamnyamata kena pamjigo, kamene kanangowalozetsa foni kumaso. Anagwetsa ndowa n'kuyamba kulira njira yonse, amfumu asanauzidwe. Kwathu kulira maliro mfumu isanamve ndi mlandu, ndipo amalume anakapepesa ndi nkhuku. Mukagwa m'zovuta, foni yoyamba ipite kwa mwinimbumba, iyeyo akauze amfumu ndi akumpingo. Facebook ndi status sizithawa.

Munthu woyamba kundipeza sanali mbale wanga. Anali mayi woyandikana naye nyumba ku Area 25, amene amagulitsa mandasi pamsewu. Anafika kusanayere bwino, atanyowa mpaka m'chiuno, atanyamula fulasiki ya tiyi, mandasi anayi m'kajumbo ndi chitenje chouma chimene anachibisa mkati mwa malaya. Sanalankhule za Mulungu, sanandiuze kuti ndisalire. Anandifunditsa chitenjecho kumapazi, n'kuthira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki. "Aneba, imwani kaye, tsikuli ndi lalitali." Basi. Anakhala nane mpaka thupi litapita ku mochale, ndipo geni yake inaima masiku asanu chifukwa anatiperekeza mpaka kumudzi. Kwa munthu wodya za tsiku lomwelo, masiku asanu si chipepeso chochepa, koma m'kope lililonse la maliro aja dzina lake mulibe.

Pofika 8 koloko foni inali itatentha. "Tamva zovutazi, pepani kwambiri." "Tithandize bwanji?" "Tumizani nambala." Ndinapereka nambala zanga zonse ziwiri, ya Airtel Money ndi ya Mpamba, kwa aliyense amene anafunsa, ndipo wina anaziika m'magulupu a kuntchito, a kutchalitchi ndi a anzanga a ku sekondale. Ndalama zinayamba kulowa: K2,000, K5,000, K20,000, wina K50,000. Uthenga uliwonse ndinkangouona pamwamba n'kuupitirira. Zimene zalowa ndinkatapa pomwepo n'kugwiritsa ntchito, osalemba kuti zachokera kwa ndani kapena zapita kuti. Apa ndi pamene panagona vuto lalikulu la nkhani yonseyi, ngakhale tsiku limenelo ndinkaona ngati palibe chosavuta kuposa pamenepo.

Ndikanadziwa, ndikanapereka foni ija kwa munthu wina wamutu wozizira, n'kumugulira kope la 40 pages ndi cholembera. Namfedwa sayenera kukhala msungichuma. Tsamba lina dzina, nambala ndi ndalama zolowa, tsamba lina zotuluka ndi amene watuma. Ndi ntchito yoti mwana wa Fomu 2 atha kuigwira.

Bokosi anakagula ku Mchesi anzanga awiri a kuntchito limodzi ndi msuweni wanga. Ine sindinapite, ndipo zinathandiza, chifukwa wogulitsa akaona misozi mtengo sutsika. Anayambira pa K450,000, anzanga aja anakakamira mpaka K380,000. Ndalama ya kwacha inali itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye chilichonse chinali chitakwera, nsalu yoyera yomwe, misomali yomwe. Amayi a banki m'khonde yathu anatulutsa K60,000 m'thumba la zadzidzidzi n'kubwera nayo pamanja. Kuntchito anatipatsa lole, koma anandiuziratu kuti mafuta ndi athu. Tsiku lonyamuka nditafunsa adalaivala kuti tikathire pati, anangoti, "Athiridwa kale, madam, tanki ili fulu." Ndinaganiza kuti abwana asintha maganizo. Sindinafunsenso.

Mlongo wanga ali ku Johannesburg, ndipo anachonderera pafoni kuti tisaike iye asanaone nkhope. Ndani angamukanize? Anakwera basi Lachitatu, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kudzalowera pa chipata cha Dedza Lachisanu usiku. Maliro amene akanaikidwa Lachinayi anaikidwa Loweruka. Sindidandaula kuti tinamudikira, koma ndikanakonda wina akanandiuza mtengo wa kudikirako. February ndi mwezi wa njala, nkhokwe zili mbee, ndipo pamene pakufuka utsi wa nsima anthu sachoka. Tinagaitsa matumba 7 a chimanga chogula, tinapha mbuzi ziwiri, nyemba ndi kabichi osanena, nkhuni zonyowa zogulanso. Tsiku lililonse lowonjezera linkadya pafupifupi K150,000. Ngati muli ndi mbale amene ali kutali, werengerani limodzi naye ndalama za masiku odikirawo musanamulonjeze, ndipo muuzeni mosabisa mbali imene asenze. Tapaninso ndalama mutauni musananyamuke. Ejenti wa pamsika wa kwathu analibe ndalama zokwanira, moti kawiri konse tinatuma mnyamata pa njinga yamoto mpaka ku Dedza boma kukangotapa.

Za kumudzi sindingazifotokoze zonse. Masamba anayalidwa pamsewu tisanafike. Amayi a Chigwirizano anadzaza m'nyumba ya siwa n'kuimba usiku wonse, mausiku atatu, mosinthana, ena ali ndi ana kumbuyo. Azibambo anachezera panja pansi pa tenti yodontha. Adzukulu anakumba manda m'dothi lodzaza madzi, akukapa ndi zidebe, ndipo sindinamve ndi mmodzi yemwe akudandaula. Anzanga a mtauni anabwera pa minibasi yochita kusonkherana, inatitimira pa dambo, anaikankha, anafika pa mwambo matope ali m'mawondo, nsapato zili m'manja. Nditawaona akulowa chonchija ndinalira kulira kwina, kosiyana ndi kwa masiku onse aja.

Ndipo kumudzi chipepeso anachiyendetsa mwadongosolo kuposa ine wophunzira. Panali mbale yophimba ndi kansalu, ndi bambo wina wachikulire wokhala ndi kope pamwendo. Aliyense woponya, kaya K200, kaya lichero la ufa, kaya mtolo wa nkhuni, ankalembedwa. Tsiku loika, woimira amfumu anawerenga zonse pagulu, mudzi ndi mudzi, mpingo ndi mpingo, mpaka tambala yomaliza.

Lamulungu, tsiku losesa, akubanja tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Amalume anawerengetsa za m'kope lija, zinagwirizana. Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe mwana wanga, za pafoni zija zinakwana zingati?" Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinati mwina K800,000, mwina kuposa. Zatsala zingati? K34,000. Zinapita kuti? Ndinatchula bokosi, chimanga, mbuzi, koma pophatikiza sizinkafika. Mauthenga ambiri a ndalama ndinali nditawafufuta ndekha Lachinayi, foni itadzaza, kuti zithunzi zilowe. Panakhala bata. Kenako mayi wina wachibale, akuyang'ana kumbali, anati, "Ana a mtauni maliro ndi geni." Mlongo wanga, amene anali atatumiza ndalama zake pa Mukuru asananyamuke, sanandiikire kumbuyo. Anangowerama n'kumatokosa pansi ndi kamtengo. Anabwerera ku Joni tisanatsanzikane bwino, ndipo tinatha miyezi iwiri osaimbirana.

Sindinadye tambala ya munthu. Koma wopanda kope alibe pakamwa.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinachita zimene ambiri timachita: ndinalemba pa Facebook kuti "Zikomo nonse amene munatithandiza m'njira zosiyanasiyana, Mulungu akudalitseni," n'kuona ngati ngongole yatha. Kenako ndinayamba ntchito ina yoipa, yowerenga amene sanabwere. Usiku tulo tikasowa ndinkayendera nkhope za pa maliro paja, kufufuza amene panalibe. Ndipo panalibe mnzanga wa pamtima, amene tinagona bedi loyandikana ku sekondale zaka zinayi, amene ndinamuimirira pa ukwati wake, amene amayi ankamutcha mwana wawo wachiwiri. Anangotumiza uthenga umodzi Lachiwiri lija: "Achemwali, pepani. Sindikwanitsa kufika, ndidzakufotokozerani." Atandiimbira sabata yotsatira sindinayankhe. Anaimbanso kanayi. Ndinkangoyang'ana dzina lake likuwala mpaka foni itasiya kulira, mtima uli phuliphuli, ndikudziuza kuti ndamudziwa tsopano.

Miyezi ya March ndi April inali yovuta kuposa sabata ya maliro. Pa maliro pamakhala phokoso, ntchito, anthu okugwira mkono. Pakatha milungu itatu foni imangoti zii, aliyense wabwerera ku zake, ndipo m'pamene umazindikira kuti Loweruka m'mawa palibenso woimba kufunsa ngati ana adya. Amene anandithandiza nthawi imeneyo anali ochepa ndipo sanachite zazikulu. Mkulu wa mpingo wina ankangodutsa Lachinayi lililonse madzulo, kukhala mphindi khumi, kupemphera, n'kumapita. Mnzanga wa mu ofesi ankandikoka kukadya nkhomaliro ndikafuna kukhala ndekha. Ndinaonanso kusiyana kwa mawu. Amene ankati "Musalire, chinali chifuniro cha Mulungu" ankanena ndi mtima wabwino, koma mawuwo ankanditseka pakamwa. Amene ankati "Ndimakumbukira tsiku lija amayi anu anatikalipira chifukwa chobwera opanda chitenje" ankandibwezera amayi kwa kamphindi, ndipo ndinkaseka misozi ikutsika. Mukapita kokhuza maliro ndipo munkamudziwa malemuyo, nenani kanthu kamodzi kamene mukukumbukira. Ndipo mudzapitenso pakatha mwezi.

Zinthu zinatembenuka mu May, pa nkhani yopanda pake. Ndinakwera galimoto ya kuntchito ndi adalaivala omwe aja, ndipo ndinati ndiwatume akandithokozere abwana pa za mafuta. Anandiyang'ana modabwa. "Si abwana ayi, madam. Anandiimbira bambo wina kuti tikumane pa filing'i siteshoni, anathira fulu tanki, n'kundipatsanso ya pobwerera. Anati akazi awo ndi anzanu, ali m'chipatala, ndiye awatuma. Anati ndisakuvutitseni nazo." Nditafunsa maonekedwe a bamboyo ndi galimoto yake, m'mimba munatentha. Anali mwamuna wa mnzanga uja.

Madzulo omwewo ndinapita kwawo osaimba. Ananditsegulira yekha, ataonda, ndipo tinaima pakhomo kuyang'anana. Sabata imene amayi ankamwalira, iye anapita padera, mimba ya miyezi isanu, imene anaidikira zaka 6. Lachiwiri limene ankandilembera uthenga uja anali pabedi la chipatala, dripi ili pamkono. "Ndikanakuuzani bwanji, achemwali, inu muli ndi maliro a amama? Ndinati ndikusenzetseni awiri?" Ndinagwada pansi pa simenti n'kumugwira miyendo. Ine amene ndinkawerenga anthu osabwera pa maliro anga, pa ake sindinapite, ndipo foni yake ndinaikana kasanu. Anandidzutsa, tinalira, kenako anakateleka madzi a tiyi ngati palibe chachitika. Sanandikumbutsepo nkhaniyi mpaka lero, koma ine sindinaiiwale. Munthu akasowa pa maliro anu, yambani mwafunsa ngati ali bwino.

Usiku umenewo ndinaganiza kuti ngati mafuta a lole yonse anandidutsa osadziwa, n'zingati zina zimene zinandidutsa? M'mawa mwake ndinapita ku maofesi a makampani a foni onse awiri ndi chitupa changa cha unzika, n'kupempha sitetimenti ya February. Ambiri sadziwa kuti zimatheka: ngakhale mutafufuta mauthenga, mbiri ya ndalama zolowa ndi zotuluka imakhalapo. Ndinatuluka ndi mapepala, ndinagula kope, ndinakhala pa tebulo mausiku atatu. Anthu amene anatumiza anali 71. Zonse pamodzi zinali K1,046,000, kuposa zimene ndinanena pansi pa mango paja. Nditatsata zotapa tsiku ndi tsiku, n'kufunsa msuweni wanga ndi mnyamata wa njinga yamoto uja zimene anagula, zinagwirizana kupatula K27,000, ndipo zambiri mwa zimenezo zinali zodulidwa potapa. Ndinajambula masamba onse n'kutumiza kwa mlongo wanga ndi kwa amalume. Mlongo wanga anaimba usiku womwewo. Sanapepese mwachindunji, si khalidwe lake. Anangoti, "Achemwali, za chiliza muzisiye kwa ine." Ndinamva.

Kenako ndinayamba kuimba, munthu mmodzimmodzi, anthu asanu tsiku lililonse ndikaweruka. Ndinkaopa kuti patha miyezi itatu, anthu adabwa. Palibe anadabwa moipa. Ambiri ankati, "Aa, zimenezo musavutike nazo, maliro n'kulirana," koma mawu awo ankasintha, ndipo tinkacheza nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Mayina ena sindinkawadziwa n'komwe. Amayi anaphunzitsa ku pulayimale zaka zoposa 30, ndipo ana awo a m'kalasi ali ponseponse. Wina anali namwino ku Mzuzu. Wina anali msilikali. Wina, amene anatumiza K1,000, anali wa kabaza ku Mitundu. Nditadzitchula anakhala chete, kenako anati, "Aphunzitsi aja anandigulira yunifolomu ndili Sitandade 2, bambo anga atamwalira. Tsiku limene ndinamva ndinali nditapeza K2,500. Pepani kuti inachepa." Nkhani ya yunifolomuyi amayi sanatiuzepo. Ndikanakhutira ndi zikomo wa pa Facebook uja, sindikanaimva mpaka kufa.

Mu June, anthu atakolola, ndinapita kumudzi. Ndinanyamula shuga, mchere ndi sopo, si zambiri, za K70,000. Ndinayamba kwa amfumu limodzi ndi amalume, kenako kwa mkulu wa adzukulu, kenako Lachinayi ndinakakhala nawo pa msonkhano wa amayi a Chigwirizano n'kupempha mphindi ziwiri. Ndinakonza mawu ambiri m'basi, koma nditaimirira ndinangoti, "Amayi anga, munandigonera panja mausiku atatu," n'kulephera kupitiriza. Mayi wina wokalamba anayambitsa nyimbo kuti andipulumutse. Mayi wachibale amene ananena za geni uja analinso pomwepo. Ndinamupatsa kope langa kuti aone. Analitembenuza kawiri, n'kundibwezera, n'kunena kuti nsima yapsa ndikadye kwawo. Ndinapita.

Aneba anga a mandasi ndi amene anandivuta kuwathokoza. Ndalama anakana, chitenje chatsopano anakana, ati ndikuwachititsa manyazi. Mu August bambo awo anamwalira ku Kasungu. Uthenga utangondipeza ndinadutsa pa golosale, ndinagula kope ndi mabolopeni awiri, n'kukawapeza atakhala pansi pakhomo pawo, foni ikulira m'manja. Ndinakhala pambali pawo n'kutambasula dzanja. "Aneba, bweretsani foniyo kuno. Amalume anu mwawauza?" Anapukusa mutu. Tinayamba ndi amalumewo.

M'kope langa lija mayina 70 ali ndi kachizindikiro kofiira kosonyeza kuti ndinalankhula nawo. Latsala limodzi. Linatumiza K5,000 Lachitatu la sabata ija, 11 koloko usiku, dzina lachimuna limene palibe m'banja mwathu akulidziwa. Poyamba nambalayo inkangoitana osayankhidwa, pano imati siikupezeka. Ndimaiyesabe mwezi ukatha, ndikalandira malipiro n'kugula mayunitsi.